Ku Quelimane, komwe madzi amathawa kawiri pa tsiku

Ife a kwa Jenala tikamati "kunyanja" timakhala tikunena ku Chilwa. Ndi komwe kumachokera matemba ndi milamba yomwe timadyera nsima, komanso ndi komwe mtsinje wa Phalombe umakathera. Nyanja ya mchere ija tinkaiphunzira ku pulayimale ambirife timangoiona pa foni, pa zithunzi za abale athu omwe ali ku Durban ndi ku Cape Town, ndiye timangoti n'kutali, n'za anthu a ndalama.

Koma tatsegulani mapu pa foni yanuyo. Ikani chala pa Phalombe, mutsetsereke nacho chakum'mwera cha kum'mawa. Mzinda woyamba wa kugombe la Indian Ocean womwe mukumane nawo ndi Quelimane, likulu la chigawo cha Zambézia m'dziko la Mozambique. Kuchokera pa chipata cha Muloza pali makilomita pafupifupi 350, kungoposako pang'ono mtunda wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe.

Ine ndinapitako m'mwezi wa July, kuperekeza alamu anga omwe amakapikula nsalu kumeneko. Ndinabwerako nditaona kuti mzinda umenewu si wachilendo kwa ife monga momwe timaganizira. Njira yomwe imalumikiza Quelimane ndi chigwa chathu cha Phalombe ndi yakalekale. Anadutsamo akapolo akutsikira kugombe, anadutsamo makolo athu a Chilomwe akukwera kubwera kuno, ndipo mu 2023 anadutsamo namondwe Freddy.

Kutuluka pakhomo

Tinanyamuka kwa Jenala m'mbandakucha, chisanu chikuluma zala. Mmene timayandikira pa boma la Phalombe dzuwa linali litayamba kuwala pa phiri la Michesi, phiri la Mulanje lili chilili kumbuyo kwake. Pakati pa mapiri awiriwa pali mpata womwe tonse timaudziwa kuti Fort Lister. Dzinali linachokera ku linga lomwe Angelezi anamanga pamenepo mu 1893 pofuna kutseka njira ya amalonda a akapolo. Anthu ogwidwa kuno kumtunda ankawadutsitsa pa mpatawu, ulendo wa kugombe, ndipo limodzi mwa madoko omwe ankakathera linali la Quelimane. Ndiye kuti ulendo womwe ife timauyenda tsiku limodzi titakhala pa mpando, anthu ena anauyenda wapansi milungu ingapo, goli lili m'khosi.

Kuchoka pa boma tinalowera ku Chitakale, n'kudutsa pa Mulanje ndi m'minda ya tiyi mpaka pa Limbuli, kenako pa Muloza. Mukadinditsa pasipoti n'kuoloka mlatho, mwafika ku Milange, tauni yomwe yatsamira phiri la Tumbine. Pano simungadziwe msanga kuti mwatuluka m'dziko, chifukwa Chichewa chikuyankhulidwa paliponse ndipo nkhope ndi zomwe zija za pa msika wa Limbuli. Zomwe zasintha ndi zikwangwani za Chipwitikizi ndi ndalama, poti kuno n'kwa metikali.

Maminibasi kuno amawatchula kuti chapa, ndipo khalidwe lake ndi lomwe lija la kwathu: sanyamuka asanadzaze. Msewu wa ku Mocuba, wa makilomita pafupifupi 200, ndi wa tala. Mumadutsa minda ya chinangwa ndi nandolo, timapiri ta miyala toima patokhatokha, ndi nyumba zomwe mungalumbire kuti mwaziona kwa Nazombe. Chakumpoto, kutali komwe maso safika, kuli Gurué ndi phiri la Namuli, lomwe akuluakulu a Chilomwe amati ndi komwe mtundu wathu unachokera.

Mocuba ndi mphambano yaikulu yomwe ili m'mbali mwa mtsinje wa Licungo. Mu January 2015, mwezi womwe madzi osefukira anavutitsa kwathu ku Phalombe, ku Nsanje ndi ku Chikwawa, mtsinje umenewu unadula mlatho wa pa Mocuba, kumpoto ndi kum'mwera kwa Mozambique n'kulekana kwa milungu ingapo. Mvula yake inali imodzi yomweyo. Mukachoka pa Mocuba dziko limayamba kutsika ndipo mpweya umayamba kulemera. Pa Nicoadala, pomwe mumasiya msewu waukulu n'kukhotera ku Quelimane, amayi amathamangira pa mawindo ndi zinanazi zikuluzikulu. Kuyambira pamenepo phiri simulionanso. Ndi madambo a mpunga okhaokha, ndi migwalangwa ya kokonati italiitali yomwe imaoneka ngati ikukanda thambo.

Mzinda wa kabaza

Chinthu choyamba chomwe chimakulandirani ku Quelimane ndi belu la njinga. Mzindawu uli ndi anthu oposa 300,000, koma mfumu ya pa msewu ndi njinga yakapalasa. Aphunzitsi, anamwino, ana asukulu, amayi a madengu a nsomba, abambo ovala mataye, onse ali pa kaliyala. Malo ake ndi a thyathyathya ngati bwalo la mpira, palibe chitunda choti wopalasa n'kutsika, ndiye njinga imafika paliponse pa mtengo wochepa. Ngakhale meya wa mzindawu, a Manuel de Araújo, omwe anasankhidwa koyamba mu 2011, amadziwika ndi kuyenda pa njinga ndi kulimbikitsa kuti misewu ikhale ndi mbali ya opalasa.

Munthu wa ku Phalombe zimenezi zimamufika pamtima. Kwathu kabaza ndi amene amanyamula wodwala kupita naye kuchipatala, ndi amene amafikitsa thumba la nandolo pa msika, koma akalowa m'tauni amaoneka ngati chosokoneza, oyendetsa magalimoto n'kumamuimbira hutala mokalipa. Kuno wakabaza ndi mwini mzinda. Amapalasa mosatekeseka, galimoto n'kumamudikira.

Mnyamata yemwe anatinyamula pa tsiku lachiwiri, atamva tikuyankhulana ndi alamu, anatembenuka n'kufunsa m'Chichewa chomveka bwino: "Akulu, kwanu n'kuti ku Malawiko?" Titamuuza kuti kwa Jenala anaseka mpaka njinga kugwedera. Makolo ake anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, yomwe inatha mu 1992, ndipo anakhala zaka zingapo chaku Chiringa. Iye Chichewacho anachiphunzirira pakhomo, kwa mayi ake. Nthawi imeneyo dziko lathu linasunga anthu othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ndiye musadabwe kupeza munthu wodziwa nsima ya kondowole ndi mayina a midzi ya kwanu pakati pa mzinda wa eni. Kuyambira pamenepo mnyamatayo anakhala wotiyendetsa wathu, ndipo malo ambiri omwe ndikutchule pano anatifikitsako ndi iyeyo.

Ngati mwafika kumene, langizo langa ndi lakuti musathamangire takisi. Kwerani njinga m'mawa dzuwa lisanakwiye, mumuuze wopalasayo kuti akuzungulitseni. Muona nyumba zakale za Apwitikizi zomwe utoto wake unasuluka ndi chinyezi, mzikiti waukulu wa pakati pa mzinda, masitolo a amwenye odzaza ndi nsalu zomwe kuno amati capulana, ndi siteshoni ya sitima yomwe kale inkapita ku Mocuba koma inaleka kuyenda.

Mtsinje wa zizindikiro zabwino

Quelimane sali pa nyanja penipeni. Ali m'mbali mwa mtsinje waukulu, makilomita pafupifupi 25 kuchokera pomwe mtsinjewo umathira m'nyanja. Eni dera ankautchula kuti Cuácua. Mu January 1498 woyenda panyanja wa Chipwitikizi, Vasco da Gama, anaima pano ali pa ulendo wofuna njira ya ku India. Atapeza anthu omwe ankadziwa kale za zombo zikuluzikulu ndi malonda a nsalu, anaona kuti ali pa njira yolondola, ndipo anautcha mtsinjewu Rio dos Bons Sinais, kutanthauza mtsinje wa zizindikiro zabwino. Zomwe anaonazo zinali umboni woti amalonda a Chiswahili ndi Aluya anali atayamba kalekale kufika kuno iye asanabadwe n'komwe.

M'mbali mwa mtsinjewu muli msewu womwe amati Marginal, ndipo ndi pomwe mzinda wonse umabwera kudzapuma madzulo. Pomwepo pali tchalitchi chakale cha Nossa Senhora do Livramento, chomangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, cha nsanja ziwiri zoyang'ana kumadzi. N'chokongola ndithu, ndipo aliyense amafuna kujambulitsa pamenepo. Koma ndikupempheni kuti mukatha kujambula mukhale kaye pansi, muyang'ane mtsinjewo. M'zaka zoyambirira za m'ma 1800 doko ili linali limodzi mwa madoko akuluakulu otumiza akapolo kunja, ambiri mwa iwo ku Brazil. Mabelu a tchalitchichi ankalira anthu akukwezedwa m'zombo chapafupi pomwepo. Ndinakumbukira mpata wa Fort Lister womwe tinaudutsa dzulo lake, ndipo ndinazindikira kuti ndaona mbali zonse ziwiri za njira imodzi: pomwe anthu ankatsanzikana ndi mapiri a kwawo, ndi pomwe ankaponda dothi la Africa komaliza.

Mtsinje womwewu ndi womwe unalinso khomo lolowera kwathu. David Livingstone anafika ku Quelimane mu May 1856 atadutsa Africa kuchokera ku Luanda. Mu 1858 anabweranso ali kazembe wa Britain wa ku Quelimane, ndipo ulendo umenewo ndi womwe unamufikitsa ku mtsinje wa Shire ndi ku nyanja yathu ya Chilwa mu April 1859, miyezi ingapo asanaone nyanja ya Malawi. Amishoni oyambirira a ku Blantyre ndi katundu wawo ankatsikiranso pa doko lomweli, n'kukwera ndi mabwato mu Cuácua kukalowa mu Zambezi ndi Shire, mpaka pomwe njira ya ku Chinde inatsegulidwa. Mabuku, mabelu ndi makina oyamba omwe anafika ku Shire Highlands, ambiri anayamba anunkhiza matope a pano.

Matope ndatchulawa ndi chinthu chomwe chinandidabwitsa kuposa zonse. Tinafika pa Marginal m'mawa madzi ali thothotho, mabwato oolotsa anthu kupita tsidya la Inhassunge akuyandama bwinobwino. Titabwereranso masana tinapeza madzi atathawa, mabwato ena atakhala pa matope, tinkhanu tikuthamangathamanga pakati pa mizu ya mitengo yomera m'madzi a mchere. Madzulo madzi aja anabwerera okha. Zimachitika choncho kawiri pa tsiku, tsiku lililonse, chifukwa cha mphamvu ya mwezi yomwe imakoka madzi a m'nyanja.

Kwa mwana wa ku Chilwa, kuona madzi akuthawa si nkhani yosekera. Nyanja yathu ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, choncho mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'ambika, asodzi n'kusiya mabwato ndi zimbowera zawo pouma. Kwathu madzi akathawa ndiye kuti njala yalowa m'mudzi. Kuno madzi akathawa amayi amatenga mabeseni kukatola nkhanu ndi nkhono, akudziwa kuti pakatha maola asanu ndi limodzi abweranso. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, alamu mpaka anandikoka dzanja: "Alamu, tiyeni, masitolo atitsekera."

Kokonati m'mphika uliwonse

Kwathu ndiwo timatendera nsinjiro. Ku Quelimane amatendera kokonati. Amapala mkati mwake pa kampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo, n'kufinya ndi madzi ofunda mpaka patuluke msuzi woyera ngati mkaka. Msuzi umenewu umalowa mu mpunga, mu nsomba, mu chigwada, ngakhale mu nkhuku.

Chakudya chomwe chinatchukitsa chigawo chino ndi galinha à zambeziana, nkhuku ya Chizambezia. Amainyika mu mkaka wa kokonati wosakaniza ndi mandimu, adyo ndi tsabola, kenako n'kuiotcha pang'onopang'ono pa makala, akuipaka msuzi womwewo mpaka khungu lifiire. Imakoma kwambiri ikakhala ya chikuda. Pambali pake amaika mucapata, chomwe ndi mpunga wophikidwa limodzi ndi mphodza zosupula ndi kokonati mpaka zonse zitaphwanyika n'kukhala phala lolimba. Poyamba ndinachiyang'ana mokayika, koma nditalawa ndinaitanitsa china. Munthu wokulira kalongonda ndi makata sachedwa kugwirizana ndi chakudya chotere, chokhalitsa m'mimba.

Nsomba za m'nyanja ya mchere n'zosiyana ndi zathu, minofu yake ndi yolimba ndipo minga ndi yochepa. Palinso nkhanu zikuluzikulu ndi camarão, tinyama ta m'madzi ta ndevu zitalizitali tomwe ku Blantyre mumangotiona pa mndandanda wa zakudya za m'mahotela odula. Kuno zimagulitsidwa pa mulu pa msika, ngati momwe timagulitsira matemba. Mukamva ludzu funsani lanho, kokonati wamuwisi yemwe amamudula pamutu ndi chikwanje inu mukuona, mumwe madzi ake, kenako akung'ambireni mukombe zofewa za mkatimo.

Nawonso kokonatiyu ali ndi mbiri yake yowawa. Minda ikuluikulu yomwe yazungulira mzindawu inadzalidwa nthawi ya atsamunda ndi makampani monga Madal ndi Boror, ndipo Zambézia inkawerengedwa pakati pa madera a minda ya kokonati yaikulu kwambiri pa dziko lonse. Ntchito ya m'minda ya makampani a nthawi imeneyo inali ya chikakamizo, ndipo msonkho wa Apwitikizi unali wankhanza. Zimenezi ndi zina mwa zomwe zinachititsa Alomwe ambirimbiri kuoloka malire kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, n'kudzakhazikika ku Mulanje, ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi m'chigwa chathu chino, komwe ambiri anakagweranso m'thangata. Masiku ano mitengoyi ikulimbana ndi matenda ofiiritsa masamba omwe apha yambirimbiri. Mukamayenda mumaona mitengo ina yangotsala thunthu lokha, yopanda mutu, ngati mapolo a magetsi.

Ku Zalala

Kuti muione nyanja yeniyeniyo muyenera kupita ku Zalala, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mu mzinda. Chapa yake imadutsa m'midzi yobisala pansi pa migwalangwa, ndipo nyanjayo mumayamba kuimva musanaione. Ndi mkokomo wosalekeza, ngati galimoto yaikulu yomwe ikubwera koma osafika.

Musayembekezere madzi obiriwira ngati a ku Cape Maclear. A ku Zalala ndi odera, chifukwa mitsinje ikuluikulu ya dera lino imathiramo dothi lochokera kumtunda. Kukongola kwake kuli pa kukula. Mchenga ndi wotambalala, wolimba moti anthu amapalasapo njinga, ndipo umapita mpaka pomwe maso alekezera. M'mphepete mwake muli mitengo yonga ya paini yomwe imalira mphepo ikamaomba. Kutsogolo kulibe phiri, kulibe chilumba, kulibe tsidya. Ku Chilwa ukaima pagombe umaona Chisi, umaona mapiri. Apa ukayang'ana kum'mawa, dziko lotsatira ndi Madagascar.

Fikani m'mawa kuti muone asodzi akukoka khoka. Amakhala m'mizere iwiri, chingwe chili m'chiuno, akubwerera chambuyo pang'onopang'ono, amayi ogula atakhala pa mabeseni awo kudikira. Khoka likafika pamtunda pamakhala phokoso lomwe aliyense wa ku Kachulu kapena ku Mpoto angalizindikire: kukanganirana mtengo, ana kutola tomwe tagwa, mwini khoka kukalipa. Tsiku limenelo nsomba zinali zochepa ndiponso zing'onozing'ono, ndipo bambo wina wachikulire anatambasula manja kutisonyeza kukula kwa zomwe ankagwira ali mnyamata. Dandaulo lake silinafunike womasulira, poti ndi lomwe timalimva kwa asodzi a kwathu.

Mukasankha nsomba yanu, amayi a m'timisasa ta pafupi amakuotcherani pomwepo. Kusambira kulipo, koma samalani. Nyanja iyi ili ndi mafunde omwe amakoka munthu kupita naye mkati, ndipo madzi akamabwerera amathamanga kuposa momwe mungaganizire. Sambirani pomwe eni ake akusambira, ndipo safunsa anadya phula.

Komwe Freddy anatulukira

Palibe wa ku Phalombe yemwe angaime pa gombe limeneli osaganiza za March 2023. Namondwe Freddy, yemwe anakhala masiku 36 ndipo ndi wokhalitsa kuposa wina aliyense m'mbiri yolembedwa, anatuluka m'nyanja kulowa mu Mozambique kachiwiri usiku wa pa 11 March pafupi ndi Quelimane. Anasasula madenga, anagwetsa mitengo, anadula magetsi ndi madzi, ndipo pambuyo pake mu mzindawu munabuka kolera. Kenako anakwera chakumtunda, n'kukakhuthula mvula yake pa mapiri a Mulanje, Michesi, Chiradzulu ndi Soche. Zomwe zinachitika kwa Nkhulambe ndi m'madera ena tonse tikuzidziwa. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko lathu.

Akuluakulu kwathu, omwe anaona madzi ndi miyala zikutsika m'phiri la Michesi mu March 1991, amati ameneyo ndi Napolo. Ana asukulu amati ndi kusintha kwa nyengo. Chomwe ndinaphunzira ku Zalala n'chakuti mvula yotereyi ili ndi kwawo. Imabadwira pa madzi ofunda a nyanja iyi, ndipo madziwo akamatentherako, anamondwe amanyamula chinyezi chochuluka. Mnyamata wathu wakabaza anationetsa nyumba zomwe mpaka pano zili ndi malata osiyana mitundu, otoledwa uku ndi uku mphepo itadutsa. Anatitengeranso chaku Icídua, dera la m'mbali mwa mtsinje lomwe madzi akhala akulidya, komwe anthu akudzalanso mitengo ya m'madzi a mchere ija yomwe inadulidwa chifukwa cha makala ndi milimo. Mizu yake imagwira dothi ndi kufooketsa mafunde. Nkhani yake ndi yomwe ija ya mitengo ya m'phiri la Michesi, kungoti kuno phiri lawo ndi matope.

Phindu lake la kudziwa zimenezi ndi looneka. Mukamva pa wailesi kapena kuona pa foni kuti namondwe akulunjika ku Quelimane, dziwani kuti uthengawo ndi wanunso. Freddy anangotenga tsiku limodzi kapena awiri kuchoka kugombe kufika pa makomo athu. Imeneyo ndi nthawi yokwanira kuimbira foni agogo omwe ali m'mbali mwa mtsinje, kusamutsa mbuzi, ndi kukweza thumba la chimanga pamalo okwera. Madzi saiwala khwawa.

Mawu omwe tinasiya m'njira

Chiyankhulo cha eni mzindawu ndi Chichuwabo, ndipo cha m'maofesi ndi m'masitolo ndi Chipwitikizi. Koma pa msika mumamvanso Chisena ndi Chilomwe, chifukwa anthu a ku Gurué, ku Ile ndi ku Alto Molócuè amatsikira kuno kudzachita malonda. Ine Chilomwe changa ndi cha mawu owerengeka omwe ndinatola kwa agogo anga aakazi, monga zilili ndi ambiri a msinkhu wanga. Timavina tchopa, timapita kwa Chonde mu October ku mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, koma kuti ticheze m'chiyankhulocho mphindi zisanu, thukuta limatuluka.

Mayi wina wogulitsa ufa wa chinangwa nditamupatsa moni wa m'mawa momwe agogo ankanenera, anasiya chopimira chake n'kundiyankha ndi mawu ambirimbiri, nkhope ili mwee. Ndinatolapo awiri kapena atatu okha. Atazindikira anaseka, n'kuuza anzake a pambali, ndipo wina yemwe ankadziwa Chichewa anandimasulira kuti akuti ndine mwana wawo yemwe anasochera kuphiri. Anandionjezera ufa wa basela. Chiyankhulo chomwe kwathu timachiona ngati cha agogo ndi cha pa mwambo, kuno ana amakanganirana mpira m'chomwecho, ndipo ku Mozambique amachiyankhula anthu oposa 1 miliyoni. Amene mukadali ndi agogo odziwa Chilomwe, khalani nawo pansi foni ili m'manja, muwajambule mawu akuyankhula. Kumeneko chidzakugwirani ntchito, ndipo kuno sichidzapita nawo kumanda.

Musananyamuke

Tengani pasipoti, chifukwa chiphaso cha pa malire chija sichingakufikitseni ku Quelimane. Amalawi safunika viza pa ulendo waufupi wokacheza. Pasipotiyo muziyenda nayo paliponse, poti apolisi a kumeneko amatha kuifunsa pa msewu, ndipo muonetsetse kuti yadindidwa mbali zonse ziwiri za chipata. Sinthani ndalama zokwanira musanapitirire Milange, popeza kutsogoloko kwacha sadzailandira. Gulani simu ya Movitel kapena Vodacom kuti mukhale ndi intaneti, ndipo mawu ochepa a Chipwitikizi monga bom dia, obrigado ndi quanto custa adzakutsegulirani makomo ambiri.

Olokani chipata m'mawa kuti mukafike kusanade. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka September, pomwe kutentha kumakhala kopiririka. Udzudzu ndi wambiri chaka chonse chifukwa mzindawu wazunguliridwa ndi madambo, ndiye gonani mu neti. Chikondwerero chotchuka kwambiri ndi Carnaval, cha magule ndi zovala za mitundumitundu m'misewu, chomwe chimachitika chaku February ndipo chinapatsa mzindawu dzina loti Brazil wamng'ono. Kungoti imeneyo ndi nyengonso ya mvula ndi anamondwe, choncho yambani mwamva za nyengo musanakwere. Pa 21 August amakondwerera tsiku lomwe Quelimane anakhala mzinda mu 1942, ndipo nthawi imeneyo kunja kumakhala kouma bwino.

Masiku atatu ndi okwanira: limodzi la njinga ndi Marginal, limodzi la ku Zalala, limodzi la msika ndi nsalu. Mukagwirizana anthu anayi kapena asanu, kugawana chipinda ndi kudya m'timalesitilanti ta pa msika, ulendowu sufuna kuti munthu achite kugulitsa ng'ombe. Ndipo pobwerera musiye malo m'chikwama a kokonati awiri kapena atatu, akayese kutendera chigwada cha kwanu.